Mafunso ndi Mayankho: Kodi Zotalikitsira Valavu pa Matayala Ophatikiza N'zodalirika?

Funso: Akonzi, thiraki yanga ili ndi matayala awiriawiri kumbuyo mbali iliyonse, ndipo valavu ya tayala lam'kati imabisika moti geji yanga yoyezera mpweya siifika. Ndamva kuti pali tizipangizo totalikitsira valavu, koma anzanga ena akuti timathawitsa mpweya ndipo tingaphwetse tayala ndili pa ulendo. Achimwene anga, amene ali ndi galimoto ija yokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati, nawonso akuvutika chimodzimodzi. Kodi tigule kapena tisiye? — Woyendetsa thiraki

Yankho: Bambo, anzanuwo sakunama, koma sanakuuzeni zonse. Chotalikitsira chikhoza kuthawitsa mpweya, ndipo kawirikawiri vuto limakhala pa valavu imene achimangirirapo komanso pa kusowa kwa chochigwira kuti chisamagwedezeke. Ngozi yaikulu kuposa imeneyo ndi kuyenda ndi tayala lam'kati limene simuliyeza chifukwa choti dzanja silifikako.

Tayala lam'kati likaphwa siliwonekera, pakuti lakunja limasenza katundu wa onse awiri ndipo galimoto imaimabe bwinobwino. Pamenepo lakunjalo limatentha chifukwa cha kulemedwa, lam'katilo limapindikapindika m'mbali mpaka mawaya ake atatopa, ndipo limodzi mwa iwo limaphulika mosachenjeza. Ngakhale kusiyana kochepa kumawononga, chifukwa matayala awiriwa amangidwa pamodzi ndipo amazungulira mofanana, choncho lochepa mpweya, lomwe limakhala laling'ono pang'ono, limakhukhuluzika pa msewu n'kutha msanga. Opanga matayala amalangiza kuti awiriwa asasiyane ndi mulingo woposa 5 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wa m'tayala), ndipo kumenya tayala ndi chitsulo kapena kuliponda ndi phazi sikungakuuzeni kusiyana kotere.

Zotalikitsira zilipo za mitundu iwiri, ndipo wogula aliyense ayenera kudziwa kusiyana kwake asanatulutse ndalama. M'kati mwa valavu ya galimoto, yomwe imatchedwa Schrader, muli kapini kokhala ndi sipuling'i kamene kamatseka mpweya mpaka kutakankhidwa. Mtundu woyamba umakankha kapiniko nthawi zonse ukangomangidwa, kotero kuti mpweya wa tayala umadzaza m'chotalikitsiracho ndipo chotseka chimakhala kumapeto kwake. Chotalikitsirachi chikang'ambika kapena chikamasuka pang'ono, tayala limaphwa lonse. Mtundu wachiwiri uli ndi kawaya kapena kachitsulo kakatali m'kati kamene kamakankha kapini pokhapokha mukaikapo geji kapena mpope, motero nthawi ina yonse valavu yeniyeni ndi yomwe imasunga mpweya. Ine ndimakonda wachiwiriwu, ngakhale kuti nthawi zina umalowetsa mpweya pang'onopang'ono, chifukwa ukawonongeka tayala limakhalabe lodzaza. Kunja kwake, zina ndi zachitsulo zosapindika, zina ndi paipi yofewa yokutidwa ndi waya woluka, zina ndi za labala kapena pulasitiki, ndipo zomalizazi sindikulimbikitsani kuzisiya pa galimoto yolemera.

Musanagule chilichonse, yang'anani valavu imene ili pa limu, chitsulo chozungulira chimene tayala limavekedwapo. Mavalavu wamba a labala, ongokankhira m'bowo, anapangidwira mpweya wosapitirira pafupifupi 65 psi, pamene matayala a mathiraki ang'onoang'ono amafika 80 psi ndipo a malole akuluakulu amapitirira 100 psi. Mukalumikiza chotalikitsira pa valavu ya labala, kulemera kwake kumaikoka nthawi iliyonse tayala likazungulira, ndipo pa liwiro la pa msewu waukulu tayala limazungulira maulendo mazana angapo pa mphindi imodzi. Labalayo amayamba ming'alu patsinde, kenako amaduka. Choncho chotalikitsira chimangidwe pa valavu yachitsulo yokha, ija yomangidwa ndi nati pa limu, ndipo pamene chikudutsa pa bowo la limu yakunja pakhale labala wochigwira kapena kachitsulo kochimangirira, kuti chisamakhudzane ndi m'mphepete mwa bowolo, pakuti chitsulo chikamapekesana ndi paipi chimaiboola ngakhale ili yokutidwa ndi waya.

Pomanga, zungulizani ndi dzanja mpaka chitagwira, kenako limbitsani pang'ono chabe ndi sipanala mutagwira valavuyo kuti isazungulire nayo limodzi, chifukwa kumangitsa kumaphwanya kalabala kotseka mpweya kam'kati ndi kuwononga mazinga. Mukatero pakani madzi a sopo pa mfundo iliyonse n'kuyang'ana ngati pakutuluka thovu, ikanipo kachivundikiro kokhala ndi labala m'kati, ndipo muyezenso mawa lake musanayende. Ndi bwinonso kuti valavu yam'kati ndi yakunja zikhale motsutsana, ina uku ina uko, ndipo mabowo a malimu awiriwo ayang'anizane, nkhani imene omanga matayala ena amaiwala akakhala pa changu.

Ngati mungathe, njira yabwino koposa ndi kusiya zolumikiza n'kuika mavalavu achitsulo aatali, opangidwa athunthu, pamene valavu ya tayala lam'kati imawongoka kutulukira pa bowo la limu yakunja ndipo ya tayala lakunja imapindika kuyang'ana kwa inu. Pamafunika kuchotsa tayala pa limu, choncho nthawi yabwino ndi pamene mukusintha matayala, komanso muyenera kutchula mtundu ndi kukula kwa limu yanu chifukwa mabowo ake amasiyana. Mfundo zikachepa, malo othawira mpweya amachepanso. Palinso geji ndi mutu wa mpope za milomo iwiri, wina wokankha wina wokoka, zimene zinapangidwira matayala ophatikiza, ndipo pa malimu ambiri zimafika popanda kutalikitsa kanthu. Yesani zimenezi poyamba.

Achimwene anu asamale kwambiri, chifukwa galimoto zogonamo zimakhala zolemera pafupi ndi malire ake nthawi zonse, zimaima miyezi yambiri osayenda, ndipo nthawi zambiri zimakhala ndi zivundikiro zokongoletsa zimene zimabisiratu mavalavu. Mpweya umachepa pang'onopang'ono ngakhale galimoto itangoima, ndipo labala amakalamba ngakhale mapazi a tayala akuoneka atsopano. Ayeze matayala onse asanayambe ulendo uliwonse, ali ozizira, kutanthauza kuti galimoto yaima kwa maola atatu kapena kuposerapo.

Funso: Ndaika chotalikitsira, ndipo ndapeza kuti tayala lam'kati lili ndi 50 psi m'malo mwa 80, chikhalirecho ndakhala ndikuyenda nalo ndi katundu. Kodi ndingolipopa? Nanga tizipangizo ta TPMS, totumiza mulingo wa mpweya kwa dalaivala, ndingatimangire pa chotalikitsira? — Wonyamula katundu

Yankho: Chonde musalipope lili pa galimoto. Tayala limene layenda ndi mpweya wochepa ndi 20 peresenti kapena kuposerapo limatengedwa ngati layenda lophwa, ndipo kwa inu malire amenewo ndi 64 psi, omwe mwawadutsa kale. Mawaya a m'mbali mwake akhoza kukhala atatopa kapena ataduka m'kati osaonekera, ndipo pomwe mukulipopa mbali yonse ikhoza kung'ambika mwadzidzidzi ndi mphamvu yotha kupha munthu woima pafupi. Lichotsedwe pa limu, katswiri aliyang'ane m'kati ndi kunja, ndipo ngati liyenera kubwerera, lipopedwe lili m'khola lachitsulo lotetezera, wopopayo ataima patali. Lakunja nalonso liyang'anidwe, chifukwa ndi lomwe lakhala likusenza katundu wa linzake.

Ponena za TPMS, kachipangizo komangira kumapeto kwa valavu kamakankha kapini nthawi zonse kuti kazimva mpweya, choncho ngakhale chotalikitsira cha mtundu wachiwiri chija chimasanduka chodzaza mpweya, komanso chimalemera kunsonga. Kamangireni pa valavu yachitsulo yaitali yokhala ndi chochigwira, ndipo geji ya pamanja musaitaye, muziyezabe nayo kamodzi pa mwezi kuti mutsimikize kuti manambala amene mukuona ali olondola.