Mafunso Anu: Chuma cha Dziko la China ndi Mphekesera za Mankhwala a Shuga

Funso: Ndimapita ku Guangzhou kukagula katundu, ndipo ndimadabwa kuona anthu olemera kwambiri ndi mafakitale a anthu wamba m'dziko lotchedwa la chikomyunizimu. Kodi chimenechi si chikapitolizimu? Chachiwiri, mayi anga amadwala matenda a shuga, ndipo pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti madokotala a ku China apeza mankhwala ochiza matendawa. Kodi ndi zoona? — Mayi wamalonda, Limbe

Yankho: Zikomo kwambiri, mayi. Chipani cha chikomyunizimu chakhala chikulamulira China kuyambira mu 1949, koma kayendetsedwe ka chuma kanasintha mtsogoleri wa dzikolo Mao Zedong atamwalira mu 1976. Chakumapeto kwa 1978, alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang m'chigawo cha Anhui anagawana mwachinsinsi minda ya gulu kuti banja lililonse lizidzilimira, ndipo zokolola zitachuluka, utsogoleri wa Deng Xiaoping unalola kuti njirayi ifalikire m'dziko lonse. Mu 1980 mzinda wa Shenzhen unapatulidwa kuti ukope makampani akunja, ndipo mu 1990 msika wa masheya unatsegulidwa ku Shanghai. Mukamanenerera mtengo ndi mwini fakitale amene amalemba antchito nkumasunga phindu, mukuona chikapitolizimu chenicheni.

Komabe chiwongolero chili m'manja mwa chipani. Nthaka yonse ya m'mizinda ndi ya boma, moti wogula nyumba amangopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito malowo kwa zaka 70. Mabanki akuluakulu, njanji, magetsi ndi mafuta nazonso ndi za boma. Mu November 2020, wamalonda wolemera kwambiri Jack Ma atadzudzula poyera oyang'anira za ndalama, boma linaimitsa kugulitsa masheya a kampani yake ya Ant Group kutatsala masiku awiri okha kuti kugulitsako kuyambe. Ife tikuona kuti chimenechi ndi chikapitolizimu choyendetsedwa ndi boma, pomwe munthu amaloledwa kulemera koma chuma chake sichimupatsa mphamvu zotsutsana ndi olamulira.

Funso lachiwiri latikhudza kwambiri chifukwa ndi la moyo wa kholo. Uthengawo uli ndi poyambira pake. Mu 2023, mumzinda wa Tianjin, madokotala anatenga maselo m'thupi la mayi wa zaka 25 wodwala shuga wa mtundu woyamba, umene kapamba sapanga insulini (chinthu chimene chimatsitsa shuga m'magazi), nkuwasintha kuti azipanga insulini, kenako anawabwezera m'minofu ya pamimba. Patatha masiku 75 mayiyo anasiya kudzibaya jakisoni. Ku Shanghai nakonso bambo wa zaka 59 wodwala mtundu wachiwiri anathandizidwa mwa njira yofanana mu 2021. Chimene uthengawo sukunena nchakuti kameneka nkafukufuku wa anthu owerengeka, ndiponso odwala awiriwa ankamwa kale mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi chifukwa anali ataikidwa ziwalo za anthu ena. Chithandizochi sichigulitsidwa m'sitolo, choncho amene angakupatseni tiyi kapena makapisozi ponena kuti ndi mankhwala a ku China aja akukuberani.

Odwala ambiri achikulire amakhala ndi mtundu wachiwiri, ndipo kwa iwo chiyembekezo chilipo. Pa kafukufuku wa DiRECT ku Britain, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, odwala onenepa 46 pa 100 alionse amene anachepetsa thupi moyang'aniridwa ndi achipatala anapezeka ndi shuga wabwinobwino patatha chaka popanda mankhwala, ngakhale kuti matendawa amabwerera thupi likakweranso. Mayi anu asasiye mankhwala awo a shuga monga metformin kapena insulini popanda uphungu wa dokotala. Achepetse mitanda ya nsima ndi zakumwa zotsekemera, achulutse masamba ndi nyemba, aziyenda tsiku lililonse, ndipo madzulo muziwayang'ana kumapazi, makamaka pakati pa zala, chifukwa kachilonda kakang'ono kakhoza kukula iwo osamva ululu. Mukaona chilonda, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.