Funsani Alangizi: Ulusi woyera pamkono pa mwana wanga

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wa Mvano wa zaka 58, ndimakhala pa Kamwendo ku Mchinji. Mwana wanga wachisamba anapita ku Thailand kukaphunzitsa Chingerezi ndipo wakwatira mkazi wa komweko, kwawo ndi kumudzi wina kufupi ndi Khon Kaen. Mwezi wathawu wanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Pa china wakhala pamphasa, agogo ena akumumanga ulusi woyera, mikono yonse iwiri ulusi uli mbwee. Pa china pali kanyumba pamwamba pa chipilala, pakhomo pake pali nthochi, maluwa ndi Fanta wofiira. Iye akuti apongozi akewo ndi Abuda. Nanga ngati ali ndi chipembedzo chawo, zamizimuzi zikubwera bwanji? Anzanga ena akuti amukhwimira kuti asadzabwererenso kuno, ena akuti walowa za Satana. Akubwera ndi mkazi wakeyo pa Khirisimasi. Kodi ndiitane abusa adzadule ulusiwo? Tulo sitikubwera.

YANKHO: Mlongo wanga, pepani ndi kusowa tuloko. Ulusi umenewo nanenso anandimangapo, ndipo mpaka lero ndine mkulu wa mpingo. Ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa.

Ndikadali pantchito yaulangizi kuno ku Kasungu ananditumiza kumaphunziro a ulimi wothirira a miyezi itatu ku Khon Kaen komweko, ndipo masabata awiri omaliza anatigawa m'midzi. Dera limenelo amalitcha Isan, kumpoto chakum'mawa kwa Thailand. Anthu ake ambiri ndi mtundu umodzi ndi a ku Laos, kutsidya kwa mtsinje wa Mekong. Amamvana chilankhulo, onse nsima yawo ndi mpunga womata umene amaudya ndi manja, miyambo yawonso n'njofanana. Inu a ku Mchinji mukudziwa mmene malire a pa Mwami anadulira Achewa pakati, ena kuno ena ku Zambia. Ndi momwemo.

Madzulo oti mawa lake ndikunyamuka, banja limene ndinkagonamo linaitana mudzi wonse. Pakati pa nyumba anaikapo mbale yaikulu, atasanjamo masamba a nthochi opindidwa ngati nsanja yosongoka, atatsomekamo maluwa achikasu ndi timitengo tolendewera ulusi wa thonje. Pambali panali mazira owiritsa, nkhuku yophika ndi mpunga. Mkulu wina amene amamutcha mo phon, yemwe paunyamata wake anakhalapo mmonke (munthu wodzipatula kutumikira chipembedzo cha Abuda), analakatula kwa nthawi yaitali, ndipo akafika penapake onse ankavomera pamodzi kuti "ma doe khwan oei". Womasulira anandinong'oneza kuti akuti: bwera khwan iwe, bwera kwanu. Kenaka anayamba kubwera mmodzimmodzi. Sindidzawaiwala agogo ena aakazi, mano onse anatha, manja okhakhala ngati a malemu amayi anga. Anandisisita padzanja ndi ulusiwo cholozetsa kunja, kuchotsa zoipa, n'kusisitanso cholozetsa mkati, kulowetsa zabwino, kenaka n'kumanga mfundo uku akung'ung'udza madalitso. Anandiika dzira m'chikhatho. Mawu awo sindinamvepo n'limodzi lomwe, koma misozi inalengeza.

Mwambowu umatchedwa baci kapena su khwan. Iwo amakhulupirira kuti m'thupi mwa munthu muli khwan 32, timizimu tamoyo tosunga ziwalo zake, ndipo munthu akadzidzimuka, akadwala, akaferedwa kapena akayenda ulendo wautali, tina timathawa n'kukasochera. Ife tomwe timati "mtima uli m'mwamba", ndipo zinthu zikakhala bwino timati "mtima wabwerera m'malo". Iwowa amasonkhana kuuitana mtimawo, ndipo ulusi ndi woumangirira kuti usachokenso. Amachita zimenezi pa ukwati, mwana akabadwa, wodwala akachira, mlendo akafika kapena akamatsanzika. Komanso dziwani kuti kumidzi ya kumeneko mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa makolo a mkazi, chikamwini ngati chathu chomwechi. Zimene mwaona pachithunzizo ndi asewere anu akulandira mkamwini pamudzi. Chithumwa amamanga munthu mmodzi, kuseri, n'kukuuza kuti usauze munthu. Ulusi uwu amamanga poyera, ana ali pomwepo, ndipo kuchuluka kwake pamkono ndiko kuchuluka kwa anthu amene anadzuka kudzamufunira zabwino mwana wanuyo. Lamulo lake n'loti ukhale masiku osachepera atatu, ndipo saudula ndi mpeni, amaumasula kapena kuusiya uduke wokha. Pofika Khirisimasi mwina mudzaupeza utatha kale.

Kanyumba ka pachipilala kaja amakatcha san phra phum. Amati malo alionse ali ndi mwini wake wosaoneka, ndipo munthu akamanga nyumba ndiye kuti wamusuntha, choncho amamumangira yakeyake pakona ya bwalo, pamene mthunzi wa nyumba yaikulu sufikapo. M'mawa amaikapo mpunga, zipatso, madzi, lubani, masiku ano ndi Fanta wofiirayo. Ku Bangkok ndinationa timeneti ngakhale pakhomo pa mabanki ndi mahotela.

Koma ine chimene chinandiimika n'kanthu kena. Kumapeto kwa mudziwo kunali kankhalango kowirira, pamene kwina konse kunali minda ya mpunga yokhayokha. Amakatcha don pu ta. Pu ndi agogo aamuna a kuchimuna, ta ndi agogo aamuna a kuchikazi, ndipo mzimu wokhala mmenemo ndiwo mlonda wa mudzi. Palibe wolowamo ndi nkhwangwa. Pali munthu mmodzi wa m'mudzi momwemo, amamutcha cham, amene amakalankhula ndi mzimuwo m'malo mwa onse, ndipo asanayambe kulima mabanja amasonkha nkhuku ndi mowa kukapempha mvula ndi mtendere. Nditaima pamenepo ndinangoona ngati ndili kwathu. Mukakwera basi kuchoka ku Kasungu kudzera pa Santhe kupita kwanuko, paliponse pamene mwaona mitengo yachilengedwe yaunjikana mumadziwiratu kuti ndi manda, ina yonse inathera m'zigafa ndi m'mabalani a fodya. Ndinakumbukanso kachisi wa udzu amene agogo anga ankamanga patsinde pa msolo mvula ikakana, ndi nkhani zawo za Makewana wa ku Msinja.

Tsono funso lanu lenileni: ali Abuda, zamizimu zikubwera bwanji? Ku Thailand anthu oposa 90 mwa 100 alionse ndi Abuda, ku Laos ndi pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Pafupifupi mudzi uliwonse wa Abuda uli ndi wat, nyumba ya mapemphero kumene kumakhala amonke. Kukangoti mbee amonkewo amayenda pandandanda opanda nsapato, atavala mikanjo yachikasu, mbale zili m'manja, ndipo amayi amagwada m'mbali mwa msewu kuwaikira mpunga wotentha. Mmonke amasunga malamulo 227, ndipo dzuwa likapendeka sadyanso kufikira mawa. Wopereka chakudyayo akudziunjikira chimene amachitcha bun, phindu la ntchito zabwino. Buddha, woyambitsa chipembedzo chawochi, amene anabadwira ku Lumbini m'dziko la Nepal zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, sanadzitche Mlengi. Anaphunzitsa kuti zochita za munthu zimamutsata, akamwalira amabadwanso, ndipo kumene akabadwireko kumadalira zimene anachita. N'chifukwa chake anyamata ambiri amalowa umonke kwa kanthawi, ena miyezi itatu ya dzinja, ndipo amati bun wake wamkulu amapita kwa amayi amene anawabala.

Bambo a m'nyumba imene ndinkagonayo anandifotokozera kuti ku wat amapitira za imfa ndi za moyo ukudzawo, pamene kunkhalango kuja amapitira za chaka chino: mvula, njati yolimira ikadwala, mwana akamalira usiku wonse. Amonke sapita nawo kukathira nsembe, chifukwa kupha chamoyo ndi kumwa zoledzeretsa zili pakati pa zinthu zisanu zimene Chibuda chimaletsa. Ndipo kwa iwo mizimu ndi yaing'ono kwa Buddha, nayonso ikuvutika, ikufuna bun. Apa ndi pamene ziwirizi zimakumana. Amonke akamapempherera akufa, abale amathira madzi pang'onopang'ono m'kambale n'kukawakhuthulira patsinde pa mtengo, kutumiza bun kwa malemuwo. Cha mu Ogasiti kapena Sepitembala kuli mwambo wa khao padap din, pamene amayi amadzuka usiku kukaika timapukusi ta chakudya pansi pozungulira wat, kuti akufa, ngakhale amene alibe owakumbukira, apezeko kanthu.

Musaganize kuti sipanakhale wolimbana nazo. Mu 1527 Mfumu Photisarath ya ufumu wa Lan Xang, kumene lero ndi Laos, inaletsa kupembedza mizimu ndipo inalamula kuti akachisi agwetsedwe. Boma lachikomyunizimu limene linalowa ku Laos mu 1975 linkazitchanso zaumbuli. Mpaka lero nkhalango zija zilipo. Kwathu kuno amishoni anafika ku Mvera mu 1889, ku Kachebere kwanuko mu 1903, ndipo nkhondo yawo ndi dambwe inali yaikulu. Komabe inu ndi ine tikudziwa mabanja opemphera kwambiri amene amameta maliro, ena amafulula ndi bona yemwe, ndipo magalimoto opita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti amadzaza ndi anthu amene Lamulungu amakhala m'tchalitchi. Tisafulumire kudabwa ndi anzathu.

Sindikunena kuti zonse n'zimodzi. Chibuda si Chikhristu, ndipo ine pakanyumba kaja sindinaikepo nsembe, palibenso anandikakamiza. Za chikhulupiriro cha mwana wanu, woyankha ndi iye mwini, chithunzi sichingayankhe. Mumufunse muli awiri, mofatsa, ngati akupempherabe, komanso ngati iye ndi mkazi wake anakambirana za mmene adzalerere ana. Limeneli ndilo funso lolemera, ndipo ndi udindo wanu kulifunsa.

Pali chinthu chimodzi cha kumeneko chimene ndinadana nacho. Amakhulupirira kuti kuli phi pop, chiwanda chokhala mwa munthu wamoyo chimene chimadya zam'mimba za anzake. Anthu akamwalira motsatizana, chala chimaloza munthu wina, kawirikawiri nkhalamba yaikazi, n'kumupirikitsa pamudzi. Kwathu ndili mnyamata ndinaona agogo ena akuwotcheredwa nyumba pa nkhani yonga yomweyi, ndipo sindinalankhule kanthu. Zimandipwetekabe. Lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma pakamwa pathu sipanasiye. Anzanu amene akuti mwana wanu amukhwimirawo ayamba kale kuloza chala mtsikana amene sanamuonepo nkhope. Chonde musawathandize.

Abusa muwaitane, koma adzapempherere banja latsopanoli monga amachitira ndi banja lililonse, osati kudzadikira pakhomo ndi lumo. Mpongozi wanuyo akadzafika adzaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu, ndiye moni wawo waulemu, ngati mmene ife timagwadira. Musadzamugwire kumutu, ngakhale mwachikondi, ndipo ana muwauze asamamutambasulire miyendo momuloza nayo, kwawo zimenezo n'zachipongwe. Nsima ikadzamuvuta masiku oyamba, mpunga wa Kilombero ukhale pafupi.

FUNSO: Alangizi, ndaona kanema pa Facebook wa anthu a ku Thailand atavala zigoba zamphuno zitalizitali akuvina mumsewu. Kodi nawonso ali ndi gule wamkulu? Ndine mnyamata wa pa Chamama.

YANKHO: Mwana wanga, chimene waonacho chiyenera kukhala Phi Ta Khon, chikondwerero cha ku Dan Sai m'chigawo cha Loei, chimene kawirikawiri chimachitika mu Juni kapena Julayi. Tsiku lake amasankha ndi olankhula ndi mizimu a m'tauniyo. Chisoti cha chigobacho ndi dengu lophikira mpunga womata uja, nkhope yake amasema kuchokera kutsinde la tsamba la kokonati, ndipo m'chiuno amamanga mabelu a ng'ombe. Nthano yake imati mwana wa mfumu wotchedwa Vessantara, amene Abuda amati ndi Buddha yemweyo m'moyo wake wam'mbuyo, pobwerera kwawo kuchokera kunkhalango, chisangalalo chinakula mpaka mizimu inatuluka kudzamuperekeza. Tsiku lomaliza anthu amavula zigobazo n'kukakhala pansi ku wat kumvera ulaliki wa amonke.

Kusiyana kwake ndi gule n'kwakukulu. Kumeneko kulibe dambwe, kulibe kugula njira, aliyense amavala, ndi ana omwe, ndipo zigobazo amagulitsa kwa alendo. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake ndi chinsinsi chake, ndipo wosameta sayandikira kumene chilombo chikutuluka. Ngati ukufuna zoyandikirako, funafuna Pu Nyeu ndi Nya Nyeu a ku Luang Prabang m'dziko la Laos. Ndi zigoba ziwiri zofiira, za agogo aamuna ndi aakazi, thupi lonse lokutidwa ndi luzi lolendewera, ndipo anthu amati ndiwo makolo oyamba a mtundu wawo. Zimasungidwa pa Wat Aham, zili ndi ozisamalira ake amene amazipatsa nsembe asanazitulutse, ndipo zimatuluka pa chaka chawo chatsopano mu Epulo.