Alamu imalira ndikangokazinga nsomba, ndigule masensa a smart aja?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina waku Malawi amene akukhala mumzinda wa Leeds ku England, amagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala, mashifiti ausiku. Akuti alamu ya utsi m'nyumba yomwe akuchita lendi imalira nthawi zonse akamakazinga nsomba kaya mandasi, mpaka anatopa nayo nkuchotsa batire. Ndiye tsiku lina ataweruka m'mawa anateleka nyemba pasitovu ya magetsi, nkukhala pampando kuti apumeko pang'ono, tulo nkuwaba, podzidzimuka nyumba yonse ili utsi okhaokha, poto atapserera mpaka kuda bii. Funso lawo ndi loti masensa olumikizana ndi foni aja amathandizadi kapena nkungotaya ndalama?

Achemwali, poyamba penipeni bwezerani batire ija lero lomwe, chonde. Imelo yanu yandiopsa chifukwa kuno ku England pafupifupi theka la moto wangozi wa m'nyumba umayambira pophikira, ndipo ife ogwira usiku timaphika maso akulemera.

Alamu yanuyo sikuti ndi yowonongeka ayi, ili pamalo olakwika basi. Alamu ya utsi malo ake ndi mukolido ndi pabalaza. Kukhitchini kumafunika ina yotchedwa heat alarm, imeneyo ilibe nazo ntchito za utsi wa chiwaya kapena nthunzi ya nsima, imangoyeza kutentha kwa mpweya kusiling'i ndipo imalira kukafika madigiri pafupifupi 58. Ku Scotland kuyambira February 2022 ndi lamulo kuti nyumba iliyonse ikhale ndi heat alarm kukhitchini, alamu ya utsi pabalaza ndi mukolido, zonse zolumikizana kuti imodzi ikalira zinzake zilirenso. Kulumikizanako ndiye kofunika kwambiri kwa munthu ngati inu amene mumagona masana chitseko chotseka, alamu yakukhitchini ikalira yokha mwina simungaimve koma ya pakhomo pa chipinda chanu ikudzutsani. Ku England lamulo limakakamiza landilodi kuika alamu ya utsi pansanja iliyonse ya nyumba, ndipo kuchokera 1 October 2022 mukamuuza kuti yafa akuyenera kukonza kapena kusintha. Mulembereni meseji, osangoimba foni, umboni ukhalepo.

Tsopano za smart zija. Zambiri zimene mukuziona pa intaneti ndi alamu wamba yomwe aiwonjezera WiFi ndi apu, ikalira imatumizanso uthenga pafoni. Ndi zabwino ndithu ngati muli ndi ana osinkhuka amene amatsala okha, kapena ngati pali neba wokhala ndi kiyi amene angathamangire. Koma taganizani, inu muli pashifiti, foni ili mu loka, uthenga mukauwona patadutsa maola awiri. Kapena muli mtulo pampando pomwe paja. Alamu kaya yodula bwanji ntchito yake nkukuwa basi, sitovu ija imapitirizabe kuyaka.

Chimene ine ndingakulimbikitseni, pa vuto lanu lenileni la kuiwala poto pamoto, ndi kachipangizo kotchedwa stove guard. Kamabwera pawiri. Kamodzi ndi kasensa kakang'ono kokwana m'manja, amakamata pamwamba pa sitovu, pakhoma kapena pansi pa chokoka utsi chija, kamayang'ana pansi pamapoto nkumayeza kutentha komanso liwiro limene kutenthako kukukwerera. Kenako pali kabokosi kamene amakalumikiza kuseri kwa sitovu pa waya wa magetsi. Poto akauma madzi kapena mafuta akayamba kutentha mopyola muyezo, kasensa kamalira kaye kukuchenjezani, ngati muli pompo mumangodina batani nkupitiriza kuphika, koma pakapanda woyankha kabokosi kaja kamadula magetsi a sitovu moto usanabuke nkomwe. Sikadikira intaneti, sikadikira kuti mudzuke.

Ine ndinakaona koyamba kunyumba kwa agogo ena omwe ndinkawasamalira, anali ndi matenda oiwalaiwala. Tsiku lina ndikuwathandiza kuvala kuchipinda ndinangomva kulira kukhitchini, pofika ndinapeza chiwaya cha mafuta chomwe anateleka ine ndisanafike chikufuka utsi wabuluu uja, koma sitovu itathima kale yokha. Ndinaima pakhomo manja akunjenjemera, chifukwa mafuta akafika pofuka choncho amakhala atatsala pang'ono kuyaka okha popanda machesi.

Si zachilendo izi. Ku Norway nyumba zatsopano zimayenera kukhala ndi kachipangizoka kuyambira 2010, ndipo makampani odziwika nako monga Innohome ndi Safera ndi aku Finland. Pogula onetsetsani kuti palembedwa EN 50615, umenewo ndiwo muyezo wa ku Europe wa zida zimenezi. Mtengo wake ndi wokwera kuposa alamu wamba, komanso sitovu yolumikizidwa kukhoma imafuna wamagetsi wa mapepala ake, musalole kuti achimwene ena a kutchalitchi angobwera ndi sikuludiraiva. Poti nyumba ndi ya lendi, pemphani kaye chilolezo kwa landilodi. Amene muli ndi sitovu ya gasi nkhani yake ndi ina, paipi ya gasi wololedwa kuigwira ndi injiniya wolembetsedwa ku Gas Safe yekha, kaundula wa anthu ovomerezeka kugwira ntchito za gasi, ndipo mugulenso alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha uja wosanunkha, womwe uja umapha anthu kumudzi akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba mwezi wa June.

Musanatulutse ndalama iliyonse imbirani a West Yorkshire Fire and Rescue Service, ozimitsa moto a dera la Leeds, mufunse za Safe and Well visit. Ozimitsa moto amayendera nyumba za anthu ulere, amaona pomwe alamu zili nkukulangizani. Muyang'anenso kumbuyo kwa alamu muli nayoyo, pali deti, zambiri zimatha ntchito pakatha zaka 10 ngakhale kagetsi kakuphethirabe.

Ndipo ngati tsiku lina mafuta ayaka mu chiwaya, musathire madzi, olo kapu imodzi, madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo nkuuluzira mafuta oyaka mpaka kusiling'i ndi kumaso kwanu. Musanyamulenso chiwayacho kuthamanga nacho panja. Zimitsani sitovu ngati mungafikire bwinobwino, tulukani ndi ana, tsekani chitseko cha khitchini, muimbe 999 muli panja.