Za mwanabele wobwera ndi bala la kuphazi

Achimwene, mwafunsa za mwanabele amene wakutulukani m'mphechepeche muli ndi bala kuphazi. Musade nkhawa kwambiri, mwanabele ameneyo wabwera chifukwa cha bala la kuphazi mwanenalo. M'mphechepeche muli timibulu tomwe timasefa majeremusi ochokera kumwendo, ndiye asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi aja, amachulukana mmenemo kuti aphe majeremusiwo, nchifukwa chake pamatupa nkumapweteka, mwinanso thupi kutentha pang'ono. Ine zimandichitikira ndikangodzipweteka chala, bala likapola mwanabele nayenso amaphwa yekha.

Muzitsuka balalo ndi sopo, mwanabeleyo osamufinya ayi.

Koma akadutsa masabata 2 osaphwa, akamakula ali gwa, bala likamatuluka mafinya, kapena mukuonda komanso kutuluka thukuta usiku, thamangirani kuchipatala akakuyezeni, TB ndi HIV nazonso zimatupitsa anabele.