Za mingoli mwafunsazi

Achimwene, mwafunsa ngati mingoli ndi nyimbo ina iliyonse. Ayi ndithu. Akuluakulu mngoli ankatchula chida choimbira, koma ife kuno ku Blantyre tikati mingoli ndiye nyimbo zija zoti ukangomva phazi layamba kale kugunda lokha, za pa chinkhoswe, pa ukwati nthawi ya perekaniperekani azimayi nthungululu lululu ndalama zikuuluka DJ wakweza masipika, kapena pa Khirisimasi ku Ndirande mpaka mbandakucha aneba osagona. Ngakhale kutchalitchi kwaya ikatenthetsa pa tsiku la pepa sande anthu amati kunali mingoli.

Koma pamaliro musakayerekeze kunena kuti kunali mingoli, ngakhale kwaya itaimba bwino chotani, anamfedwa akakuyang'anani ndi diso loipa. Pamenepo timangoti nyimbo za maliro basi.