Funsani Dokotala: Bwanji chimbudzi cha mwana akukachiyeza kunja kwa dziko?

Funso: Adokotala, mdzukulu wanga wa zaka zinayi anadzuka mwendo wamanzere uli lendelende, osatha kuima. Kuchipatala anatenga chimbudzi chake kawiri, ati chikayezedwa kunja. Kenaka alangizi a zaumoyo anafika pamudzi kufunsa za ana a anzathu. Kodi akutibisa kanthu? Agogo a ku Mchinji

Yankho: Agogo, mtima m'malo, palibe chobisika. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene walefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi timamuyeza poliyo, ngakhale ambiri amapezeka kuti vuto ndi lina. Chimbudzi timatenga kawiri, motalikirana tsiku lathunthu komanso asanathe masiku 14 chiyambireni kulefukako, chifukwa kachilomboka sikatuluka m'chimbudzi nthawi zonse. Timachitseka m'kabotolo n'kuchiika m'bokosi lozizira, poti kutentha kumapha kachilombo, ndipo chakufa sichioneka bwino poyeza.

Zofunsa ana a anzanu zili ndi chifukwa. Pa ana 200 otenga poliyo, amene amapuwala ndi mmodzi kapena osafika. Ambiri mwa enawo amathamangathamanga bwinobwino, koma akufalitsa kachilombo kudzera m'chimbudzi.

Nanga kunjako? Mu February 2022 boma linalengeza kuti mtsikana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wamtundu umene Malawi anauona komaliza mu 1992, ndipo Africa yense anali atalengezedwa kuti wathana nawo mu 2020. Akatswiri a ku South Africa ndi ku Atlanta, ku America, atafufuza chibadwa cha kachilomboko, anapeza kuti n'kachibale ka komwe kankafala m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Tangoganizani mtunda wake! Mu May chaka chomwecho mwana wina anapezeka nako ku Tete, m'dziko la Mozambique, tsidya lina la malire athu. Pakanakhala kuti dziko lililonse limasunga zotsatira zake m'kabati, sitikanadziwa kuti ndi mliri umodzi. Chifukwa chouzana, Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe anachita katemera wa khomo ndi khomo, ndipo mu May 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti mliriwo watha. Masiku ano azaumoyo amatunganso madzi a m'masuweji a m'mizinda n'kuwayeza, kuti kachilombo kagwidwe mwana asanapuwale.

Zotsatira zimatenga masabata angapo, koma chithandizo cha mwana chisadikire. Pemphani kuti ayambe mafizo, ndipo musamutemere mphini kapena kumubaya jakisoni pamwendopo popanda uphungu wa dokotala. Kulefukako kukayamba kukwera, kapena akamavutika kupuma ndi kumeza, thamangirani naye kuchipatala ngakhale usiku. Alangizi akabweranso, aonetseni mabuku a kusikelo a ana onse a pakhomo, aone amene anaphonya katemera.