Akavalo am'chipululu aja alibe mfumu

Achimwene, mwafunsa za akavalo amene mwawaona pa vidiyo akuyenda pamzere m'chipululu cha Namib, opanda mbusa, opanda chingwe. Mukufuna kudziwa kuti amamvana bwanji, ndipo amalamula ndani. Ambiri pano ayankha kuti ndi wamphongo wamkulu uja. Ine ndikukana. Wamphongo ntchito ali nayo ndithu, koma yosankha kopita si yake yekha.

Makolo a akavalo amenewa anali oweta. Anabalalika cha m'ma 1915, pamene asilikali a ku South Africa ankamenyana ndi Ajeremani m'dziko limene lero ndi Namibia, ndipo mpaka pano amakamwa madzi pa Garub, pafupi ndi tauni ya Aus. Ku America kuli ena, adzukulu a akavalo amene Asipanishi anapita nawo m'zaka za m'ma 1500, ndipo lamulo la 1971 limawateteza. Ku Australia nakonso aliko. Konseko kakhalidwe ndi kamodzi: wamphongo mmodzi, nthawi zina awiri, akazi angapo ndi ana awo. Amphongo osowa akazi amayenda paokha m'kagulu ka mbeta, kudikira mwayi.

Muonerenso vidiyoyo, muone pamene pali wamphongo. Nthawi zambiri ali kumbuyo. Akaona wamkazi akutsalira, kapena wamphongo mnzake akuyandikira, amatsitsa mutu mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi, khosi atalitambasula, makutu atawagoneka chakumbuyo, n'kumawakusa akazi akugwedeza mutu uku ndi uku. Imeneyo ndi ntchito ya ulonda. Ngakhale amphongo okhaokha samenyana kawirikawiri monga anthu amaganizira. Amanunkhizana, kulira mokweza, kupalasa pansi ndi ziboda, kenako aliyense ulendo. Amaunjikanso ndowe pamalo amodzi m'mbali mwa njira, wina akafika amanunkhiza n'kuwonjezerapo zake, kuti odutsa adziwe amene anapita pamenepo.

Kale anthu ankati pali wamkazi mmodzi wamkulu amene amatsogolera tsiku lililonse. Amene anakhala nthawi yaitali akuyang'ana magulu amenewa anapeza kuti wamkulu aliyense m'gulumo akhoza kuyambitsa ulendo. Wina amasiya kudya, n'kudzutsa mutu, kuyenda pang'ono, n'kuima. Mnzake wapamtima akamutsatira, enanso amanyamuka mmodzimmodzi mpaka onse atha. Akapanda kutsatiridwa amabwerera kukadya msipu ngati palibe chachitika. Zili ngati amayi akachezera pamphasa: palibe amene amalengeza kuti tiyeni, wina amangoimirira n'kumanga bwino chitenje, mnzake n'kudzuka, posakhalitsa mphasa yatsala yokha.

Nanga woyamba kuimirira amakhala yani? Kawirikawiri ndi amene zamuthina. Pa mbidzi za ku Kenya, zimene zimakhala m'mabanja ofanana ndi a akavalo, ofufuza anasonyeza mu 2007 kuti zazikazi zoyamwitsa ndizo zimatsogolera kwambiri maulendo, poti ndizo ludzu limazigwira msanga.

Kumvana kwake kuli m'maso ndi m'makutu. Maso a kavalo ali m'mbali mwa mutu, motero ngakhale ataweramira msipu amaona anzake pafupifupi mbali zonse. Mu 2014 ofufuza a pa yunivesite ya Sussex ku England anaonetsa akavalo zithunzi za akavalo anzawo atayang'ana chidebe chimodzi mwa ziwiri za chakudya. Akavalowo ankapita ku chidebe chimene mnzawo wayang'anacho, koma maso kapena makutu a pachithunzi akaphimbidwa, ankangosankha mwachisawawa. N'chifukwa chake mmodzi akangoimika makutu kuloza kutchire, gulu lonse limadzutsa mitu. Pogona naponso sagona pansi onse nthawi imodzi, ena amatsala ataimirira.

Chimene ine chimandichititsa chidwi kuposa zonse ndi ubwenzi wa akazi. Ana, aamuna ndi aakazi omwe, amachoka m'banja akafika zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye akazi a m'gulu limodzi nthawi zambiri si apachibale. Komabe amakhala ndi anzawo enieni. Awiri amaima moyang'anizana n'kumakandana ndi mano pamwamba pa mapewa, kapena wina mutu uku wina uko, mchira wa uyu ukuthamangitsa ntchentche kumaso kwa uyo. Ku mapiri a Kaimanawa ku New Zealand, kafukufuku wa 2009 anapeza kuti akazi ogwirizana kwambiri ndi anzawo ankabereka ana ambiri, anawo ankapulumuka, ndipo amphongo sankawazunza kwambiri. Wamphongo akalandidwa banja ndi mnzake, akazi aja nthawi zambiri amapitiriza kuyenda limodzi.

Kwathu kuno akavalo ndi osowa, makamaka chifukwa cha kashembe wa kuchigwa ndi matenda amene amafalitsa. Koma simukufunika kupita ku Namibia. Mukadzapeza mpata wopita ku Mfuwe cha mu Seputembala kapena Okutobala, madambo atauma, mudzayang'ane mbidzi zikamatsikira kumadzi. Muyang'ane imene ili patsogolo ngati ili ndi kamwana pambali, kenako mufufuze pamene pali yamphongo.